UTHENGA WA SABATA INO: Geji ikunama, thanki inatayidwa kale

Werengani: Zekariya 3:1-5, 1 Yohane 3:19-21, Oweruza 16:20

Okondedwa mwa Ambuye kuno ku Kanakantapa, mtendere ukhale nanu kunyumba, kumunda ndi pamsika.

Inu amene mumagulitsa tomato m'mbali mwa Great East Road mumaziona motoka za alendo zikudutsa pa Chongwe nyengo yachilimwe, ulendo wa ku Chipata ndi ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa. Zina zimakoka kalavani, kanyumba koyenda pa matayala. Makalavani akuluakulu amakhala ndi mathanki atatu pansi: ya madzi abwino, ya madzi otsukira mbale ndi osamba, ndi ya zonyansa za m'chimbudzi.

Mwini wake amadziwa bwanji kuti thanki ya zonyansa yadzaza? M'khoma la thankiyo anabayamo timisomali tachitsulo: kena pansi, kena pa 1/3, kena pa 2/3, kena pamwamba. Madzi akakwera n'kufika pa kamsomali, magetsi a batire amadutsa m'madzimo, nyali n'kuyaka pa geji. Manje vuto lili apa: mapepala a m'chimbudzi, mafuta ndi matope zimakakamira pa timisomalito, ndipo chinthu chonyowa chimadutsitsa magetsi. Ndiye munthu atsegula mpopi, ataya zonse, thanki ilibe kanthu, koma geji ikuonetsabe kuti yadzaza. Bambo wa ana aletsa banja lonse kulowa m'chimbudzi, adula ulendo, azungulira kufuna potaya zinthu zimene mulibe.

M'bale wanga, mlongo wanga, ambiri a ife tikuyenda ndi geji yotere mumtima.

Munalapa. Kachasu munasiya. Ndalama za gulu zija munabweza. Chithumwa chimene munakatenga kwa sing'anga mwana atadwala munachitentha pamaso pa akulu a mpingo. Yesu anataya zonse. Koma mukangogwada kuti mupemphere, mtima ukuti, "Iwe ndiwe wakuda, khala chete." Ndiye kwaya munaisiya, mumakhala pa benchi yakumbuyo, Mgonero umakudutsani. Ena mwafika pogulitsa mbuzi, kuyenda kwa mneneri uyu ndi uyo, kulipira kuti akumasuleni ku chinthu chimene mwazi wa Yesu unachotsa kalekale. Imani kaye. Thanki inatayidwa. Chatsala ndi kapepala pa msomali.

Onani Yoswa, mkulu wa ansembe, m'masomphenya a Zekariya. Anthu a Mulungu anali atangobwera kuchokera ku ukapolo ku Babulo. Yoswa waima pamaso pa mngelo wa Yehova, zovala zili bii ndi litsiro, Satana ali kudzanja lake lamanja kuti amuneneze. Werengani bwinobwino: Yoswa sanayankhe liwu ngakhale limodzi. Amene anadzudzula Satana ndi Yehova. Lamulo lomuvula zakudazo n'kumuveka zoyera linachokera kumwamba. Mlandu unatha chifukwa Mulungu ananena, osati chifukwa Yoswa anamva bwino m'thupi. Aleluya!

Mtumwi Yohane ankadziwa kuti mtima wa wokhulupirira umatha kumutsutsa, ndipo akutikumbutsa kuti Mulungu amaposa mtimawo kukula ndi kudziwa. Mtima ndi geji chabe. Mwini thanki ndi Mulungu.

Akuluakulu amene munabwera kuno m'nthawi ya a Kaunda, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mukudziwa. Achinyamata osowa ntchito m'tauni anapatsidwa malo kuti ayambe moyo watsopano. Munthu angakhale ndi munda wake, nkhokwe yake, koma n'kumadzitchulabe lova? Dzina lakale lisakutsatireni m'munda watsopano.

Koma ndikuchenjezeni, geji imanamanso mbali inayi. Kawaya kakaduka, nyali siyaka, geji imati mulibe kanthu pamene thanki ikudzaza. Mwini wake amadziwira fungo, zinthu zitasefukira kale. Samsoni anadzuka pa miyendo ya Delila ali ndi chikhulupiriro chonse kuti achita monga mwa masiku onse, osadziwa kuti Yehova wamuchokera. Pali wina akuimba mokweza pa Sande, koma mkazi wake akugona ndi misozi. Pali wina akuyankhula malilime, koma sikelo yake ya chimanga ndi yokhota. Tikukumbukira kolera ya kumayambiriro kwa 2024, pamene Heroes Stadium ku Lusaka inasanduka chipatala. Zonyansa zikasefukira sizidwalitsa mwini wake yekha, zimalowa m'chitsime cha mudzi wonse.

Nanga tichite bwanji? Eni makalavani amachita zitatu, nafenso tichite zomwezo sabata ino.

1. Yang'anani mkati mwenimweni. Iwo amatenga tochi n'kusuzumira. Dalaivala wa Canter amene geji yake inafa amaviika kamtengo m'thanki ya dizilo. Kamtengo kathu ndi Mau a Mulungu. Funsani: tchimo limene likundivutali ndinaliulula? Ndinalisiya? Ndinabweza zoyenera kubweza? Ngati inde, 1 Yohane 1:9 yakuyankhani kale. Ngati ayi, lapani lero lomwe. Mzimu Woyera amatchula chinthu ndi dzina lake n'kukuonetsani njira yobwerera. Woneneza amangoti ndinu woipa, basi, n'kukuthamangitsani pamaso pa Atate.

2. Tsukani ndi madzi ambiri. Kapepala kokakamira sikachoka ndi kapu imodzi. Amadzaza thanki ndi madzi ndi sopo, n'kuyendetsa motoka kuti madziwo akhutchumuke. Vesi limodzi pa Sande silikwana. Werengani Aroma 8 m'mawa uliwonse sabata ino, mokweza, foni ya mauthenga ena ili pambali.

3. Itanani wina aone. Yakobo 5:16 akutiuza kuululirana ndi kupemphererana. Pitani kwa mkulu wa mpingo kapena mayi wokhwima m'chikhulupiriro, wosunga chinsinsi. Pemphero limeneli n'laulere.

Tipemphere: Atate, m'dzina la Yesu, walitsani tochi yanu mkati mwanga. Chimene chilimo ndithu, ndionetseni ndilape. Chimene munachotsa kale, musalole mdani andiwerengerenso. Tsukani chikumbumtima changa ndi mwazi wa Mwana wanu. Ameni.

Nenani mokweza: Ndinakhululukidwa! Ndavekedwa zoyera! Sindidzalipiranso ngongole imene Yesu analipira!

Mukudziwa m'bale kapena mlongo amene anasiya kubwera ku tchalitchi chifukwa cha manyazi? Mutumizireni uthengawu, ndipo pa Sande mukamutenge, mukhale naye kutsogolo. Ambuye akudalitseni.