Za Cifundo Cogoneka Munthu

Abale athu a m'midzi, pali mlandu umene tiyenera kuuweruza pamodzi, ndiwo uwu: kodi cifundo conse cipulumutsa? Mwa ife munthu akadwala timyalira mphasa, ndi kunena naye, Gonani, musadzuke, zonse ticita ndife. Mwambo wotere sitiunyoza, pakuti ucokera m'cikondi. Koma asing'anga a cipatala atiuza kuti m'kugona momwemo mukhoza kubisala imfa.

Mulungu anapanga mwazi kuti uziyenda. William Harvey wa ku England anaonetsa m'caka ca 1628 kuti mtima utumiza mwazi m'thupi monse, nubwereranso kumtima komweko. Koma mwazi wa m'miyendo ubwera cokwera, ndipo coukankha ndico minofu ya akatumba pamene munthu aponda pansi. Munthu akaleka kuyenda, mwazi ucedwa m'mitsempha yakuya, nuyamba kuundana monga phala lotsala mumphika. Kuundana pa kokha ndi mphatso, pakuti ndiko kutseka bala. Koma kukacitika m'kati mwa mtsempha, m'bulu wa mwazi utseka njira. Ndipo ukathothoka upyola mumtima, nukatsakamira m'mapapo. Pamenepo munthu amene anaseka nafe mamawa akhoza kumwalira dzuwa lisanalowe. Rudolf Virchow, sing'anga wa ku Germany, ndiye anafotokoza ulendo wa m'bulu umenewu, ndipo kuyambira 2014 maiko akumbukira nthendayi pa 13 October, tsiku lace lakubadwa.

Tsono taonani amene aopsedwa nayo. Ndiye mai wapakati, makamaka m'masabata 6 oyamba atabereka, nyengo yomweyo imene ife timsunga m'cikuta. Ndiye wocitidwa opaleshoni, wothyoka mwendo, wodwala khansa, cifuwa cacikuru kapena HIV. Ndiwonso apaulendo. Ana athu akwera basi ku Blantyre kunka ku Johannesburg, kudzera pa Mwanza, Tete ndi Harare, nakhala copinda maondo usana ndi usiku, katundu ali kumapazi. Ena aleka dala kumwa madzi kuti angabvute woyendetsa. M'caka ca 1940 anthu a ku London, pothawa mabomba, anacezera usiku pamipando m'malo obisala, ndipo ena anafa ndi mibulu yotere bomba lisanawakhudze. Mlembi wa m'ofesi wokhala pansi tsiku lonse acenjere. Koma telala wa pakhonde ku Limbe, wopalasa makina ndi mapazi, amwa mankhwala ace osadziwa.

Wina adzati, Tsiku likakwana lakwana. Munthu angaonjeze ciani? Inde masiku athu ali m'manja mwa Mulungu. Koma yemweyo wonena cotero alima munda wace, nafolera nyumba mvula isanagwe, ndipo sayesa kuti wacimwira Mulungu pakutero. Nanga thupi lokha alisiyiranji? Mau akuti "cifuniro ca Mulungu" ndi oyera, ndipo sikuyenera kupfundira nao ulesi wathu.

Pali coipa cina coposa ici. Mwendo wa mai wa cikuta ukatupa, nayamba kumva cifuwa, akuru athamangira kunena kuti ndi tsempho, naitana mwamuna wace kuti aulule. Wina akatupa mwendo atabwera kuulendo, ati waponda mankhwala, ndipo maso onse apenya kwa mnansi. Potero ticimwa kawiri: wodwala ticedwa naye masiku a kutema mphini, ndipo wosalakwa timnamizira mlandu wa imfa. Makolo athu anatero pakuti sanaona za m'kati mwa mtsempha, ndipo ife sitiwatsutsa. Koma ife tamva. Ndipo wakumva, akakhala cete pamaliro pamene mbale wace alozedwa cala, wasanduka mboni yonama ngakhale sanatsegula pakamwa.

Cifukwa cace zindikirani zizindikiro. Mwendo umodzi, osati yonse iwiri, utupa, nupweteka pakatumba kapena m'nchafu, nutentha poukhudza. Musausisite kapena kuuthowa, ngakhale manja alakalaka kutero, pakuti kufinya kukhoza kuthothola m'bulu. Mukani naye kucipatala tsiku lomwelo, ku Ndirande, ku Bangwe, kapena kwina kumene kuli pafupi. Ofunika kupimidwa koposa atumizidwa ku Queen Elizabeth. Akayamba kubanika mwadzidzidzi, kumva kulasa m'cifuwa popuma, kapena kutsokomola mwazi, musalindire kuca. Mankhwala alipo, monga heparin ndi warfarin, oletsa m'bulu kukula. Warfarin anayamba monga mankhwala ophera makoswe, ndimo muyeso wace suyenera kuuyesa wekha.

Ndipo inu a Mvano ndi akulu a mpingo, pokazonda odwala, mutatha kupemphera funsani ngati sing'anga wamlola kudzuka. Akamlola, mgwireni dzanja, ayende kufikira pakhomo ndi kubwerera, kangapo pa tsiku. Ngati sangathe kuima, agwedeze mapazi ali cigonere, kuwaloza kumwamba ndi pansi, ndipo cikho ca madzi cikhale pafupi ndi mphasa yace.