Kodi pa digiri timalipira ciani?

Maphunziro a kompyuta a ku Harvard, aja a CS50, ali pa YouTube kwaulere. Mnyamata wa ku Chawama angawaonere pa foni n'kumva mawu omwewo amene akumva mwana wa mpondamatiki ku America. Ndiye ana anga a Giredi 12 akandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga ku UNZA tikatayirenji ndalama?" sindiliona lopusa funsolo.

Ine digiri ndili nayo, n'cifukwa cake ndimakayikira anzanga amene amauza ana a m'komboni kuti pepala lilibe nchito masiku ano. Iwo lawo lili m'kabati, losungidwa bwino mu pulasitiki.

Nzeru zokha koleji siingatigulitsenso, zamwazika paliponse. Imagulitsa munthu wokuwongola. Vidiyo siikubwezera nchito yako itadzaza inki yofiira. Ukaionera kawiri umadzimva katswiri, ndipo palibe wokutsutsa. Imagulitsanso umboni, mawu a anthu ena akuti uyu tamuyesa, akudziwa. Ndani angapereke mkono wa mwana wake kwa namwino amene anaphunzira kubaya jekeseni pa foni? Boma polemba aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022 linafuna mapepala. Silinafunse kuti munaonera mavidiyo angati.

Pamene pamandivuta m'pakuti umboniwo uli ndi mtengo. Sukulu yaulere ija inayamba mu 2022 imathera pa Giredi 12. Ya HELSB ndi ngongole, mudzaibweza mukayamba kulandira malipiro, ndipo si onse opempha amene amaipeza. Motero pepala limacitira umboni mutu wa munthu, inde, komanso thumba la makolo ake. Zaulerezo nazo zimadya mabando, zimafuna malaiti. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, foni inali kuzima phunziro lili pakati.

Wokonza mafoni ku City Market ali ndi mwai, pakuti mboni yake ndi kasitomala: foni yayaka kapena siinayake. Kalipentala ndi makanika angayesedwe luso kudzera ku TEVETA. Ndikadakonda njira yotere itakula, kuti wophunzira yekha m'cipinda ca lendi ku Kanyama akhale pa mayeso amodzi ndi wa ku yunivesite, alipire mayesowo cabe. Pakali pano mtsikana wofuna unamwino alibe khomo lotere, ngakhale atadziwa mafupa onse a m'thupi pamtima.