Kodi moyo wabwino amayeza ndani?

Pali mawu amene timakonda kunena tikaona mwana wolumala kwambiri. Timapukusa mutu n'kuti, "Koma abale, umenewu ndi moyo?" Timayankhula ngati achisoni, koma mukawafatsira mawuwa mupeza kuti tagamula kale mlandu mwini wake asanatsegule pakamwa. Funso langa, awerengi anzanga, ndi lakuti: kodi woyenera kuyeza ubwino wa moyo wa munthu ndani?

Tiyeni titenge matenda amene madokotala amawatcha osteogenesis imperfecta, ife tingoti matenda a mafupa osalimba. Mwana amabadwa nawo, ndipo amagwira pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 15,000 kapena 20,000. Kawirikawiri vuto limakhala m'majini awiri, COL1A1 ndi COL1A2, amene amalamula thupi kupanga kolajeni, chinthu chomwe chimagwira fupa monga momwe zitsulo zimagwirira simenti. Kolajeni akachepa kapena akapangika molakwika, fupa limathyoka pa zinthu zazing'ono, ena ngakhale poyetsemula. Ambiri amakhala aafupi msinkhu, koyera kwa m'maso kumaoneka kobiriwira, ndipo ena makutu amagontha akamakula. Mu 1979 dokotala wa ku Australia, David Sillence, adagawa matendawa m'magulu anayi, kuyambira ochepa mphamvu mpaka aja opha khanda likangobadwa. Mankhwala ochiziratu kulibe. Alipo olimbitsako mafupa monga pamidronate, ndi opaleshoni yolowetsa chitsulo m'kati mwa fupa.

Munthu wina wa matendawa adali malemu Michel Petrucciani, wobadwira ku Orange m'dziko la France mu 1962. Msinkhu wake sudapyole mita imodzi, ndipo kwa zaka zambiri ankachita kumunyamula popita naye pa piyano. Mapazi ake sankafika pa zopondera za piyanoyo, choncho adamupangira chida cholumikizira. Koma iyeyu adasanduka katswiri wa nyimbo za jazi wodziwika dziko lonse, ndipo mu 1997 adaimba pamaso pa Papa Yohane Paulo Wachiwiri ku Bologna. Adamwalira ku New York mu 1999 ali ndi zaka 36, atadwala m'mapapo.

Mmodzi mwa ana ake adabadwanso ndi matendawa. Pamitundu yambiri ya matendawa, kholo limodzi likakhala nawo, mimba iliyonse imakhala theka ndi theka: mwana akhoza kutengera kapena ayi. Tsono wina afunsa kuti, kodi sikulakwa kubereka ukudziwa zimenezi? Funsoli si lachibwana ayi. Ululu wa fupa lothyoka ndi weniweni, ndipo miyezi yogona m'chikhakha siibwerera. Koma ine ndimaona kuti amene akuti mwana wotere kukadakhala bwino asabadwe, akunenanso mwakachetechete kuti moyo wa bambo akewo udali wosayenera. Nanga ife ndi bamboyo, adaulawa moyowo ndani? Paja akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mu 1999 akatswiri awiri, Gary Albrecht ndi Patrick Devlieger, adafalitsa zomwe adapeza atacheza ndi anthu 153 olumala mosiyanasiyana. Mwa iwo amene ulumali wawo udali waukulu, opitirira theka adati moyo wawo ndi wabwino kapena wabwino zedi. Woonerera amawerenga mafupa othyoka. Mwini wake amawerenga anzake, ntchito yake, banja lake, ndi zomwe akufuna kuchita mawa.

Komatu tisathawe chisoni n'kugwera m'dzenje lina, lotamanda. Mayi wina wa ku Australia, Stella Young, mtolankhani ndi wanthabwala yemwe adalinso ndi matendawa, adadandaula pamsonkhano wa TEDx ku Sydney mu 2014 kuti anthu ankamuyamikira chifukwa chongodzuka m'mawa. Iye adati chimene chimalemetsa moyo wa olumala kwambiri ndi momwe anthu adakonzera dziko, monga masitepe opanda njira ya njinga. Adamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 32. Mfundo yake ine ndimaivomera. Mwana wa mafupa osalimba sayenera kukhala katswiri wa piyano kuti tivomere kuti moyo wake uli ndi phindu. Akakhala kalaliki wamba, wokonda mpira ndi miseche, basi, ndi moyo umenewo.

Mlandu wovuta kwambiri uli kwa makolo. Mwana akufuna kupita kusukulu, kukasewera ndi anzake, koma mayi akudziwa kuti kungomukankha pang'ono ndiye kuti ulendo wa kuchipatala. Amutsekere m'nyumba? Madokotala amati fupa losagwira ntchito limafookerafookera, n'chifukwa chake amalimbikitsa kusambira ndi masewera olimbitsa thupi osamala. Ndiye kuti ngakhale fupa lenilenilo silifuna kubisidwa. Ine ndikuti mwendo wothyoka umalumikizika, koma ubwana wothera pawindo sulumikizika.

Sindikuti tiziwataya ana otere m'bwalo la mpira. Ndikuti akayamba kuzindikira, azikhala nawo pokambirana za moyo wawo, ndipo aphunzitsi, anamwino ndi achibale aphunzire kufunsa asanagamule. Tsiku lina mukadzakumana ndi munthu wamfupi ali panjinga yake, musadzapukuse mutu. Mudzamupatse moni, mudzamufunse za kunyumba, ndipo akayankha mudzamvetsere.