Kodi Malire ndi Temberero Kapena Chifundo?

Anyamata athu a kuno ku Magaleta amene adapondako ku Blantyre kapena ku Joni, pobwera amasimba za makompyuta a masewero, m'mene muli chipangizo chotchedwa graphics card, chimene ntchito yake ndi kujambula zithunzi kambirimbiri pa kamphindi kamodzi, kotero kuti munthu wa pagalasi amathamanga ndi mpira monga wamoyo; koma chimene chimandigwira mtima pa zosimba zawozo ndi nkhawa imene eni makinawo amagona nayo ndi kudzuka nayo, ndiyo ya kutentha.

Pakuti magetsi onse amene chipangizochi chimadya amasanduka moto. Cha kampani ya Nvidia chotchedwa RTX 4090, chimene chidatuluka m'chaka cha 2022, chimatha kudya mawati 450, ndipo mphamvu imene madzi ozizira a Shire amabala ku Nkula ndi ku Tedzani, ikalowa m'kabokosi kotere, imatulukamo ili mpweya wofunda. Mwini wosamala tsono amapukuta fumbi lomata pa timafani, amachotsa bokosilo pakona kuti mphepo idutse, amasintha phala lopakidwa pakati pa chip ndi chitsulo chomwaza kutentha likauma, ndipo m'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa la ku Lisungwi limaswa mtengo, amachepetsa dala kukongola kwa zithunzi kuti makina apepukidwe. Mwini chigayo cha dizilo, amene salola mgolo wa madzi oziziritsa injini kuphwa, angamve zonsezi popanda womasulira.

Koma amisiri opanga zipangizozi, podziwa kuti mtima wa munthu sukhuta, sadasiye zonse m'manja mwa wogula. Adaikamo lamulo lakuti kutentha kukafika pa muyeso wake, umene pa zambiri za Nvidia uli cha pa madigiri 83, chipangizocho chichepetse chokha liwiro, ndipo kukapyola kwambiri chizime, ngakhale wosewerayo atakwiya chotani. Alipo ena amene amakankha malirewo kuti apeze liwiro loonjezera, naiwala mawu a makolo akuti kuthamanga sikufika.

Apa ndipo pali funso langa. Kodi malire oikidwa m'cholengedwa ndi temberero, kapena ndi chifundo cha wochilenga? Ife ana a Adamu timaona kutopa ngati mdani, tulo ngati mbala ya nthawi, ndi ukalamba ngati manyazi. Komabe ndikayang'ana mmisiri amene, chifukwa chokonda ntchito ya manja ake, adaimangira tchinga kuti isadzipsereze, sindingathe kukhulupirira kuti Chauta, amene adatiumba ndi dothi nadziwa kufooka kwa dothilo, adatiikira kutopa ndi mtima wa nkhanza. Boma lino la Neno lidamva chiphunzitso cha kupuma kalekale, popeza mishoni ya Matandani ya mpingo wa Seventh-day Adventist idayamba m'chaka cha 1908. Za tsiku loyenera kupuma ndizisiyira mipingo, imene yakhala ikukambirana zimenezo kuyambira tisanabadwe. Ine ndikunena za kupuma kwenikweniko.

Wina adzati, ndipo sadzanama, njala sidziwa Sabata, ndipo mayi amene ufa wamuthera m'Januwale sangakhale pansi chifukwa thupi lawawa. Yankho lili m'lamulo la Sabata lomwelo. Tikawerenga Eksodo 20 ndi Deuteronomo 5, tipeza kuti lidalankhula kwa mwini nyumba, kumuuza kuti apumitse wantchito wake, mlendo wake ndi ziweto zake. Ndipo Levitiko 25 adakumbukira ngakhale nthaka, kuti igonere chaka chachisanu ndi chiwiri. Katundu wa lamuloli adasenzetsedwa wamphamvu, pakuti wofooka alibe pakamwa pokanira, ndipo mosiyana ndi makina aja, iye angathe kupyola muyeso wake mwakachetechete, akumwetulira ndi kuthokoza, kufikira tsiku limene adzagwa m'munda wa mwini.

Ichi ndicho chimandiwawa. Munthu amene wagula makina a ndalama zambiri amayang'ana madigiri ake ola lililonse, chifukwa akapsa ndalama zituluka m'thumba mwake. Koma mtsikana womlerera ana, amene amadzuka tambala woyamba nagona anthu onse atagona, palibe womufunsa ngati mutu ukumuwawa, chifukwa akadwala abwerera kwa amake ndipo mawa kubwera wina. Tafika poti chitsulo chili ndi wochiteteza, pamene wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu alibe.

Chotero inu amene muli ndi mbusa wa ng'ombe, wa ganyu m'dimba, mnyamata wogulitsa m'golosale kapena wokuyendetserani njinga yamoto ya kabaza, mpatseni tsiku lake lopuma sabata ino, ndipo malipiro ake musawadule chifukwa cha tsikulo.