Nkhalamba yosaona ndi mlendo wake

Sabata ino tikukambirana za miseche ndi tsankho, ndipo tiyambira pa buku lakale loopsa lotchedwa Frankenstein, limene Mary Shelley wa ku England anatulutsa mu 1818.

Mnyamata wophunzira sayansi, Victor Frankenstein wa ku Geneva, analumikiza ziwalo za mitembo napanga chamoyo. Usiku umene chinaphethira maso, iye anachita nacho nyansi nathawa, osachipatsa ngakhale dzina. Ambiri amakumbukira anthu amene chinadzapha pambuyo pake. Ife tiime kaye pa chiyambi chake. Chitalowa m'mudzi, anthu anachigenda ndi miyala chisanalakwire aliyense. Chinakabisala pafupi ndi kanyumba ka banja losauka la a De Lacey, ndipo usiku chinkawatolera nkhuni mwakabisira n'kuzisiya pakhomo. Chinaphunzira kulankhula pomvetsera macheza awo. Amene anachilandira bwino ndi mmodzi yekha, bambo wokalamba wa pabanjapo, yemwe anali wosaona. Iye anamva mawu a mlendo wovutika, basi. Mwana wake Felix atatulukira n'kuona nkhope ija, anachimenya ndi ndodo osafunsa kanthu. Kenako chinapulumutsa mtsikana amene ankamira mu mtsinje, malipiro ake n'kukhala chipolopolo.

Sitikuchikira kumbuyo kupha kwake, ayi. Magazi amene chinakhetsa ndi mlandu wake ndithu. Koma tisanene kuti izi ndi nthano za azungu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe mpaka kufika ku Blantyre, ndipo anthu anaphedwa ndi magulu olusa popanda umboni. Moto umenewo sunayambe ndi miyala. Unayamba ndi "ndamva kuti", pachitsime, pamsika, pafoni. Bahá'u'lláh analetsa miseche, natiphunzitsa kuona ndi maso athu, osati ndi maso a ena. Kunena zoona, ambirife lamuloli timalikumbukira pamene akunenedwa ndife.

Kuno ku Mwanza tili pachipata. Tsiku lililonse timakumana ndi oyendetsa magalimoto ochokera ku Zóbuè ndi ku Tete, ogulitsa malonda, anthu amene sitidziwa kwawo. Tisanatseke ndi pemphero, aliyense akumbukire nkhani imodzi yoipa imene anamva mwezi uno yokhudza mlendo kapena mnansi. Ndani anaona ndi maso ake? Nanga ife tinakauza angati?