Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Mvula ikagwa usiku, m'mawa nkhono zimapezeka m'mbali mwa mipanda ndi pansi pa nthochi. Mwana akaipeza amafuna aone maso ake, ndiye amaitola, kuigogoda ndi kamtengo, kusuzumira kukamwa kwa chigoba. Koma nkhono ikangokhudzidwa imabweza tinyanga take, ndipo ukalimbikira kugogoda ndi pamene imalowereratu. Masowo ali kunsonga kwa tinyanga tiwiri tatitali, ndipo amawaona ndi amene waiika pansi n'kukhala duu pambali pake kufikira itakhulupirira kuti kunja kuli mtendere. Apa ndi pamene makolo anatola mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amaunena kwa mnyamata wofunsira mbeta mwaphuma, kapena kwa mfumu yofuna kugamula mlandu isanamve mbali zonse. Ine ndikuutengera kwa Akhristu amene amalakalaka kuti m'bale wawo, mnzawo wa kuntchito kapena woyandikana naye nyumba adziwe Mulungu.

Kulalikira poyera sitikusowa. Mlaliki amaimirira m'basi isananyamuke, wina ali pamsika ndi chimkuzamawu, misonkhano ya chitsitsimutso imachezera usiku wonse. Sindikunyoza ntchito imeneyi, alipo amene anatembenuka mtima pa malo otere. Koma tsiku lina mukatuluka m'tchalitchi mudzafunse anzanu asanu kuti anafikamo bwanji. Mudzamva za agogo amene ankapemphera asanagone, za mnzawo wa kusukulu, za mayi wina amene anawadikirira kuchipatala. Dzina la mlaliki wapamsika lidzamveka mwa apo ndi apo.

Chifukwa chake n'chakuti ife sitikanira munthu pamaso. Ukamupanikiza mnzako ndi mavesi amakuyankha mwaulemu kuti, "Zikomo abusa, tamva, tidzabwera Lamulungu." Iwe n'kumapita ukusangalala, osadziwa kuti walankhula ndi chigoba. Zenizeni zatsala m'kati: mantha a ufiti amene amamusowetsa tulo, mwana amene anamwalira iye atapemphera usiku wonse, mpingo umene unawadula mayi ake n'kusiya mkulu wa mpingo amene anawapatsa mimba. Zotere munthu sauza mlendo. Amauza amene wadya naye nsima zaka zingapo ndipo waona kuti chinsinsi chake sichinakafike pa mjigo.

Mbiri ya mpingo m'dziko muno ili ndi munthu amene anaudziwa mwambiwu ngakhale sanali wa kuno. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Pakati pa zaka zimenezi, mu 1876, kunabwera anyamata anayi kuchokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, mmodzi mwa iwo William Koyi. Iye anali Mxhosa, ndipo chilankhulo chake chinkamvana ndi Chingoni. Anakakhala ku Njuyu, pakati pa Angoni a M'mbelwa, pa nthawi imene mfumu ndi nduna zake sankalola sukulu poopa kuti ana akaphunzira adzakana kupita kunkhondo. Koyi sanachoke. Ankacheza ndi amuna pabwalo, kumasulira pakati pa Angoni ndi azungu, kuziziritsa mitima zinthu zikafuna kuipa. Chilolezo cha sukulu chinabwera mu 1886, chaka chimene iye anamwalira. Ubatizo woyamba pakati pa Angoniwo unachitika mu 1890, wa Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara, Koyi atagona kale m'manda. Akanakhala wa masiku ano, wofunika kutumiza malipoti a miyoyo imene wapulumutsa mwezi uno, bwenzi atamuchotsa ntchito.

Tisasokoneze kudekha ndi kukhala patali. Wodikira nkhono amakhala pomwepo, maso ali pa iyo. Amayi a Mvano ndi a Chigwirizano amazidziwa izi kuposa ambiri a ife ovala mataye. Maliro akagwa, iwo ndi amene amagona pa siwa, kutunga madzi, kusonkha moto, kukhala ndi namfedwa anthu onse atabalalika. Akatolika nawo ali ndi miphakati, imene Bishopu Patrick Kalilombe anailimbikitsa kwambiri mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, kuti mpingo uzikumana m'makomo mwa anthu, kumene odwala ndi osowa amadziwika ndi mayina. Namfedwa amene sanapondepo m'tchalitchi amaiwala ulaliki wa kumanda tsiku lomwelo, koma saiwala amene anabweranso patapita milungu iwiri atanyamula ufa.

Palinso mbali ina imene sitikonda kuimva. Pamene iwe ukudikira mnzako, nayenso akukudikira. Akuona ngati sikelo ya pa geni yako imanena zoona, ngati ngongole ya ku banki m'khonde umabweza pa tsiku lake, ngati mtsikana wantchito pakhomo pako amalandira malipiro mwezi ukatha kapena amangouzidwa kuti Mulungu adzamudalitsa. Mtumwi Petro polembera akazi okwatiwa ndi amuna osakhulupirira anawalangiza kuti amunawo angakopedwe ndi makhalidwe, popanda mawu. Mwamuna wotere samvera nyimbo za mkazi wake za Lamulungu. Amamvera m'mene amayankhira Lachitatu ndiwo zitapserera.

Ena amapalana ubwenzi ndi munthu n'cholinga chimodzi chokha, chakuti amukokere ku mpingo wawo, ndipo akaona kuti sakutheka amasiya ndi moni womwe. Uku si kudekha, n'kuchenjera, ndipo anthu amakuzindikira msanga. Ku Mangochi ndi ku Machinga Akhristu ndi Asilamu amatunga pa mjigo umodzi ndi kuikirana maliro. Mkhristu wa kumeneko amene angathandize mnansi wake pokhapokha ngati pali chiyembekezo chomubatiza, ndiye kuti sanamukonde mnansiyo. Mnzako akhoza kukalamba osalowa m'tchalitchi mwako, ndipo ubwenzi wanu sunapite pachabe.

Enanso amabisala kuseri kwa mwambiwu. Zaka makumi awiri ali mu ofesi imodzi ndi mnzawo, ndipo akafunsidwa amati, "Ine ndimalalikira ndi ntchito zanga," chonsecho ndi manyazi chabe. Nthawi yolankhula imafika, ndipo kawirikawiri imafika mosayembekezereka: pa benchi ya kuchipatala, pobwera kumanda, kapena mnzako akafunsa yekha kuti, "Achimwene, inu mumapirira bwanji zimenezi?" Pamenepo wodekha amayankha mwachidule zimene iye amakhulupirira, osatulutsa ulaliki wa maola awiri umene wakhala akuusunga.

M'buku lachiwiri la Mafumu muli kamtsikana ka ku Israeli kamene kanagwidwa pankhondo n'kumatumikira mkazi wa Namani, mkulu wa asilikali a Aramu, amene anali ndi khate. Dzina lake silinalembedwe. Kanali kapolo m'nyumba ya adani a kwawo, ndipo zimene kanalankhula n'zochepa: kanauza dona wake kuti ku Samariya kuli mneneri amene angachiritse bwanayo. Mkazi wa Namani sanakaseke, Namani anakanena kwa mfumu, ndipo mfumu ya Aramu inalemba kalata yopita kwa mfumu ya Israeli, ulendo n'kuyambika ndi akavalo, magaleta, siliva ndi golide, zonse pa mawu a mwana wotsuka mbale.