Nzeru za Mtengo n'za Yani?

Amene mwa inu amayenda pa msika wa Limbe kapena wa Ndirande adziwa malo amene pamakhala ogulitsa mizu, makungwa ndi mabotolo a mankhwala achikuda. Ndipo amene adagonekapo wodwala ku Gulupu, ndiye kuti chipatala cha Queen Elizabeth chimene chidatsegulidwa m'chaka cha 1958, adaona nyumba zoyandikana nacho m'mene anthu ophunzira amapima magazi ndi kufufuza magwero a matenda. Malo awiriwa sali kutali, koma eni ake sakhulupirirana. Wa kumsika ati ophunzira afuna kumubera chinsinsi cha makolo ake. Wa kuchipatala ati wa kumsika amwetsa anthu zinthu zosayesedwa. Pakati pa awiriwa pali mkristu wodwala, wosadziwa kolowera. Chotero lero tifunse funso limene lili pansi pa mkanganowu: nzeru za mtengo wochiritsa n'za yani, ndipo amene ali nazo ali ndi mangawa anji kwa mnzake?

Tiyambe ndi mbiri ya chomera china cha kwathu konkuno. Ku chigwa cha Shire kumamera chomera choyanga m'mitengo, dzina lake kombe, chimene zipatso zake zimatuluka ziwiriziwiri ngati nyanga za ng'ombe. Alenje a Chimang'anja ankasinja njere zake napaka phala lake ku mivi. Nyama yolasidwa inkathamanga pang'ono n'kugwa, ndipo iwo ankadula mnofu wozungulira bala n'kutaya, nadya yotsalayo osaopa kanthu. Dokotala John Kirk, amene adatsagana ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi ndi Shire kuyambira 1858 mpaka 1863, adatolako ululuwo. Tsiku lina potsuka mano adamva kuwawa m'kamwa, popeza mswachi wake udakhudzana ndi kombe m'thumba, ndipo pambuyo pake adazindikira kuti mtima wake ukugunda mofatsa kuposa kale.

Njerezo zidapita ku Ulaya. Ku Edinburgh, Thomas Fraser adatha zaka zambiri akuziyesa pa mitima ya achule ndi ya nyama zina, mpaka adapatula chinthu chenicheni chimene chimagwira mtima, nachitcha strophanthin. M'chaka cha 1885 adalengeza kwa madokotala anzake kuti pa muyeso waung'ono chinthucho chimalimbitsa mtima wofooka, pamene pa muyeso waukulu chimauimitsa. Posakhalitsa kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London idayamba kugulitsa mankhwalawo, ndipo njere za kombe zidasanduka malonda otuluka m'dziko lino kudzera mwa amalonda monga a African Lakes, eni ake a Mandala muno mu Blantyre, ndi John Buchanan wa ku Zomba. Lero mankhwalawo sagwiritsidwanso nchito kwenikweni, pakuti ena adalowa m'malo mwake, koma pa zaka makumi angapo adathandiza odwala mtima m'maiko ambiri. Maina a Kirk ndi Fraser adalembedwa m'mabuku. Za alenje aja chidatsala ndi liwu limodzi lokha, pakuti akatswiri a zomera adatcha chomeracho Strophanthus kombe.

Nanga nzeru zimenezi zidali za yani? Poyamba tiyenera kuvomera kuti sadalenga kombe ndi mlenje kapena Fraser. Mphamvu ya m'njere idaikidwamo ndi Mulungu munthu asanalase nyama yoyamba, ndipo Malembo Oyera, pa mutu 38 wa buku la Mphunzitsi Sira, amatiphunzitsa kulemekeza sing'anga ndi kusanyoza mankhwala otuluka m'nthaka. Eklezia amaphunzitsa kuti zolengedwa zidapatsidwa kwa anthu onse, ndipo kuti munthu wofufuza chilengedwe moona mtima salimbana ndi Mlengi. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican udabwereza chiphunzitso chimenechi m'chaka cha 1965. Gregor Mendel, amene adatulukira malamulo a kufanana kwa ana ndi makolo poyesa nsawawa za kwawo m'munda wa amonke, adali wansembe. Georges Lemaître, amene m'chaka cha 1927 adaonetsa ndi masamu kuti thambo likufutukuka, adalinso wansembe. Choncho mkristu asaope kuti kufunsa chifukwa chimene khungwa lakuti limaziziritsa thupi ndiko kuchepa chikhulupiriro. Tchimo lingathe kulowa pa njira yofunsira ndi pa kagawidwe ka phindu, koma kufunsa kwenikweniko n'kwabwino.

Chachiwiri, onse awiri adagwirapo nchito, ndipo nchito ya wina siikadatheka popanda ya mnzake. Mlenje adadziwa chomera choyenera pakati pa zomera zikwi, nyengo yothyola, kasinjidwe kake ndi kagwiridwe kake m'thupi la nyama. Nzeru zoterezi sizidza tsiku limodzi. Mibadwo idayesa, ndipo mwina ena adafa poyesapo. Fraser adawonjeza chimene mlenje sadachifune pa nchito yake, ndicho muyeso. Woponya muvi alibe chifukwa chowerengera madontho, pakuti cholinga chake ndi imfa. Wochiritsa ayenera kudziwa malire apakati pa dontho lopulumutsa ndi dontho lakupha. Mbiri yomweyi idachitikanso ndi kwinini, amene adachokera ku khungwa la mtengo wa ku Peru limene ansembe a Chijezwiti adafika nalo ku Roma m'zaka za m'ma 1600, ndipo akatswiri awiri a ku France adapatulamo mankhwala enieni m'chaka cha 1820. Ngakhale LA, amene dziko lathu lidayamba kuchizira malungo m'chaka cha 2007, adachokera ku chitsamba chimene asing'anga a ku China adachidziwa kalekale, ndipo mai Tu Youyou adalandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa chopatulamo mphamvu yake. Adanena bwino akulu kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma tisaiwale kuti mutu wometedwawo ngwa mwini mudzi.

Apa wina angatsutse nati: Bambo, Kirk akadapanda kutenga njere zija, kombe akadakhalabe ululu wa pa muvi, ndipo palibe wodwala mtima akadathandizidwa, nanga mlandu uli pati? Mau amenewa ali ndi choona, ndipo sindiwakana. Koma zotsatira zabwino sizifafaniza mangawa. Munthu akabwereka khasu lako osakuuza, nalima munda umene wadyetsa amasiye, amasiyewo athokoze Mulungu, koma khasulo likadali lako, ndipo wolimayo ayenera kubwera kudzanena. Lamulo lachisanu ndi chiwiri silinena za ndalama ndi mbuzi zokha. Kutenga nzeru za wina n'kuzilemba ngati zako, kapena kulemera nazo mwini wake ali chimanjamanja, kulinso m'gulu la zinthu zimene katekisimu amati ziyenera kubwezedwa.

Wina anganenenso kuti mangawawo adabwezedwa kale. Henry Wellcome pomwalira m'chaka cha 1936 adasiya chuma chake kuti chithandize kufufuza za matenda, ndipo chumacho ndicho chakhala chikuthandiza bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome limene lidayamba nchito pafupi ndi Gulupu mu 1995. Tiyenera kunena mwachilungamo kuti kombe adali chimodzi chabe mwa zinthu zambiri zimene kampani ija inkagulitsa, ndiponso kuti zabwino zotuluka m'kafukufuku wa mu Blantyre n'zazikulu. Muno ndimo Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor adakonza njira yopimira kukomoka kwa mwana wodwala malungo, imene madokotala a maiko ambiri amaitchula ndi dzina la mzinda wathu. Munonso ndimo mudadziwika mu 2015 kuti ana ambiri amene amafa ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa ubongo watupa. Pa zimenezi tithokoze ndi mtima wonse. Komabe mphatso ndi malipiro n'zosiyana: mphatso imatuluka m'chifundo cha wopereka, malipiro amatuluka m'chilungamo ndipo wolandirayo ali ndi mau pa iwo. Chilungamo chimaoneka pamene eni dziko akhala nawo pa bwalo losankha zoti zifufuzidwe, pamene maina awo alembedwa, ndi pamene mankhwala otulukapo afika pa mtengo umene mai wa ku Bangwe angaukwanitse. N'chifukwa chake maiko adagwirizana ku Nagoya m'chaka cha 2010 kuti wofuna chomera kapena nzeru za makolo a anthu ena ayambe wapempha, ndipo agawane nawo phindu.

Tsono lupanga limeneli n'lakuthwa konsekonse, ndipo lilasanso ife. Ngati nzeru za mtengo n'zochokera kwa Mulungu, wozidziwa alibe ufulu wozikwirira monga adachitira wantchito uja wa m'fanizo la matalente. Nkhalamba zambiri zalowa m'manda ndi nzeru zimene zikadathandiza adzukulu awo, chifukwa choopa kuberedwa. Manthawo ali ndi chifukwa, monga taonera, koma mankhwala ake ndi pangano lolungama pakati pa wodziwa ndi wofufuza. Ndiponso wogulitsa mankhwala amene akana kuti ayesedwe, nalonjeza kuti botolo limodzi lichiza shuga, khansa ndi kusabereka, achimwira lamulo lachisanu ndi chitatu ponama, ndipo angathe kuchimwiranso lachisanu. Akulu akumbukira chaka cha 1995, pamene anthu zikwizikwi adakhamukira ku Machinga kukamwa mankhwala a Billy Chisupe poyembekeza kuchira Edzi. Mliriwo udapitirira kupha, ndipo maliro adayamba kuchepa pokhapokha boma litayamba kugawa ma ARV mwaulere mu 2004. Ine ndemwe, poyendera odwala ndi Ukaristia, ndidapezapo mkristu atasiya mankhwala a kuchipatala, pansi pa bedi pali botolo lopanda dzina kapena muyeso limene adagula ndi ndalama ya lendi. Sindidathe kumuuza kuti m'botolomo mulibe mphamvu, pakuti kombe nayenso ali ndi mphamvu. Ndidangomufunsa ngati wogulitsayo adziwa malire a dontho.

Pali mangawa ena amene onse awiri ali nawo, ndiwo a kwa mtengo weniweniwo. Wosenda khungwa kuzungulira thunthu lonse wapha mtengo, ndipo wokumba mizu yonse wabera ana ake. Tayang'anani phiri la Ndirande ndi la Soche m'mene ayerera, ndipo kumbukirani madzi ndi miyala zimene zidatsika pa Chilobwe m'mwezi wa Marichi 2023 pa nthawi ya namondwe Freddy. Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, adatikumbutsa kuti kuononga chilengedwe kumayamba kupweteka osauka. Ophunzira a sukulu zathu za ukachenjede, ya Kamuzu ya zaumoyo ndi ya ku Chichiri, akafuna njira zopatulira mankhwala m'zomera popanda kutha nkhalango kapena kuthira zoipa m'mtsinje wa Mudi, agwira nchito yokondweretsa Mlengi.

Tsono inu akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, muwauze chiyani akristu? Ofufuza akafika pa mudzi kapena pa chipatala napempha magazi, kapena nafunsa za mitengo, alandireni mwaulemu ndipo afunseni poyera: mwatumidwa ndi yani, chilolezo chanu chili kuti, mudzachita nazo chiyani, ndipo mudzabweranso kudzatiuza zimene mwapeza? Wofufuza woona sakwiya ndi mafunso otere, ndipo munthu aliyense ali ndi ufulu wokana popanda kumanidwa chithandizo. Safunsa adadya phula. Koma wofunsa ayeneranso kumva yankho, pakuti pamene palibe kufunsa ndi kuyankha pamamera mphekesera, ndipo tonse tikumbukira chaka cha 2017 pamene mbiri ya anamapopa idachokera ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika muno mu Blantyre, anthu osalakwa naphedwa ndi manja a anzawo. Magazi amenewo adakhetsedwa ndi mantha, ndipo ena mwa oponya miyala adali obatizidwa.

Kwa wodwala nenani kuti asasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha botolo la pamsika, ndipo ngati akumwa zitsamba auze dokotala osachita manyazi, pakuti zina zimalimbana m'thupi. Kwa nkhalamba yodziwa mitengo nenani kuti nzeru zake n'zolemekezeka, aphunzitseko mwana wokhulupirika, ndipo akagawana ndi ophunzira pakhale mboni ndi kalata. Kwa mwana wa m'parishi amene apita kukaphunzira za sayansi nenani kuti Eklezia akondwera naye, achite nchito yake mosanama, ndipo tsiku limene adzalemba zimene wapeza asadzasiye dzina la gogo amene adamulozera mtengowo.

Ambuye amene adaika mphamvu m'njere ya kombe atipatse mtima wofunsa modzichepetsa ndi manja obweza zimene tidalandira.